Mendulo za m'kachitini: m'mene anyamata a kwathu anakamenyera nkhondo ku Madagascar

Mwezi watha ndinapita kwathu ku Ntchisi kukathandiza agogo aakazi kufolera nyumba mvula isanagwe. Tikutulutsa katundu, ndinapeza kachitini kadzimbiri kuseri kwa bedi. Mkati munali mendulo ziwiri zothimbirira ndi batani la yunifolomu.

"Agogo, izi n'za ndani?"

"N'za bambo anga zimenezo, mdzukulu wanga. Anali a Keyala. Anawoloka nyanja yamchere mpaka ku Madagascar."

Ndinachita manyazi. Ine wa digiri yanga, Madagascar ndinkangoidziwa chifukwa cha filimu ya katuni ija ndi namondwe Freddy, yemwe anadutsa kumeneko asanatisautse mu March 2023. Nditabwerera ku Mponela kumene ndimakhala, ndinagula bandulo n'kuyamba kufufuza.

Keyala ndi m'mene makolo athu ankatchulira KAR, gulu la asilikali la King's African Rifles. Mu 1942, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, Madagascar inkalamulidwa ndi Afalansa a boma la Vichy, lomwe linkamvera Germany. Japan inali italanda Singapore mu February chaka chomwecho, ndipo Angerezi ankaopa kuti ikapeza malo pachilumbachi, sitima zawo zodutsa pakati pa Madagascar ndi Mozambique zizimizidwa.

Pa 5 May 1942, kusanache, sitima za Britain zinatsitsa asilikali m'mabwato pagombe la kumpoto, pafupi ndi doko la Diego Suarez. Ndege zinkanyamuka pamwamba pa sitima ziwiri zikuluzikulu, HMS Illustrious ndi HMS Indomitable, kukaphulitsa bwalo la ndege ndi sitima za Afalansa. Zina zinaponya zidole zomangirira ku maparachuti mbali ina ya chilumba kuti adani aziyang'ana kolakwika. Pofika pa 7 May dokolo linali litagwa. Mantha aja sanali a chabe, chifukwa kumapeto kwa mwezi womwewo tisitima ta pansi pa madzi ta Japan tinalowa m'dokomo n'kuwononga HMS Ramillies.

Koma bwanamkubwa wa Afalansa, Armand Annet, anakana kupereka chilumba chonse. Apa mpomwe anyamata a kwathu analowerapo. Gulu la 22nd East African Brigade linali ndi mabataliyoni atatu a Keyala, a ku Nyasaland, Kenya ndi Tanganyika. Pa 10 September 1942, asilikali a Britain anatsika m'mabwato n'kulanda doko la Majunga, lomwe lero ndi Mahajanga. A Keyala anatsika pambuyo pawo ndipo anapatsidwa ntchito yaikulu, yotsegula msewu wa makilomita oposa 500 wopita ku likulu, Tananarive.

Tangoganizani. Ukaima pamwamba pa phiri la Ntchisi kunja kutayera, nyanja ya Malawi umaiona chapatali ngati kansalu kotuwa. Agogo akuti bambo awo madzi ambiri ankawadziwa choncho basi, komanso mtsinje wa Bua ukasefukira. Munthu wotere n'kumuika m'sitima masiku angapo, kenako n'kumuuza kuti atsikire m'kabwato kogwedezeka, mfuti kumsana, nsapato zolemera kuphazi. Akuti ankanena kuti chipolopolo sankachiopa ngati m'mene ankaopera madziwo.

Panjira, Afalansa ankagwetsa milatho ndi kutchinga msewu ndi mitengo ndi miyala, malungo nawo osawasiya. Ndege za asilikali a South Africa zinkauluka patsogolo kuzonda adani. A Keyala analowa mu Tananarive pa 23 September, n'kupitirira kummwera kudzera ku Antsirabe ndi Fianarantsoa, mpaka Afalansa anagonja ku Ambalavao pa 6 November 1942.

Chimene chinandikhudza kwambiri n'chakuti ambiri mwa asilikali a mbali ya Afalansa anali Amalagasi eni dziko ndi anyamata ochokera ku West Africa. Mnyamata wa ku Ntchisi ankaloza mfuti mnyamata wa ku Senegal, pachilumba chomwe onse awiri sichinali kwawo, pa mkangano wa London ndi Vichy. Sindikudziwa kuti agogo athu aja ankaziona bwanji zimenezi. Palibe anawafunsa.

Ndinabwereranso ku Ntchisi patatha sabata ziwiri, foni itadzaza moto. Agogo anandiuza zomwe akukumbukira: kuti bambo awo ankati mapiri a ku Madagascar ndi ofiira ngati a ku Dowa, kungoti anthu ake amalima mpunga m'malo mwa chimanga. Kuti ndege ikadutsa ankasiya khasu n'kukhala chete mpaka phokoso litatha. Kuti pa mganda, anyamata akafola mizere atavala zoyera, iwo ankawakonza kaguba kawo koma okha sankavina. Zina agogo anaiwala, ndipo abale awo onse omwe akanawakumbutsa anatisiya. Titamaliza anandifunsa kuti, "Ndiye mawu angawa alowa m'kafoni ako? Usawataye."

Chaka chilichonse mu November timaona pa TV atsogoleri akuika nkhata za maluwa pokumbukira asilikali, ife n'kupitiriza kuseweretsa foni. Komatu m'midzi ya ku Malomo, ku Mvera kapena ku Kongwe muli agogo omwe makolo awo anapita ku Ethiopia, ku Madagascar, ku Ceylon ndi ku Burma. Asilikali eniakewo pafupifupi onse anapita, ndipo ana awo nawo akalamba.

Mukapita kumudzi tchuthi chikubwerachi, funsani ngati m'banja mwanu munali wa Keyala. Funsani dzina lake lonse, mudzi, mfumu ndi kumene anapita. Jambulani mawuwo, jambulaninso mendulo ngati ilipo, n'kutumiza pa gulu la WhatsApp la banja. Zanga zinakwana mphindi 40, ndipo ndazisunga malo atatu.