Thirakitala yasiya kukoka ndi matayala akutsogolo? Musathamangire kuiphwasula

Mwezi wa Okutobala ukafika, thirakitala iliyonse m'tauni muno imakhala ndi mzere wa anthu oidikira. Wina akufuna imulimire munda mvula isanagwe, wina akufuna imututire njerwa ndi mchenga msewu usanasanduke phala. Ambiri mwa ife achinyamata thirakitala tilibe, koma imatikhudza ndithu. Ena ndi madalaivala, ena amatolera ndalama za hayala pa thirakitala ya bambo kapena ya amalume, ena ali m'magulu a ulimi omwe anasonkherana n'kugula yakale. Ndiye ikayamba kutitimira pamalo pomwe chaka chatha inkadutsa bwinobwino, matayala akumbuyo akungopala dothi pomwe akutsogolo ali duu, nkhawa imakhala ya tonse.

Zikatere, mawu oyamba kumveka ndi akuti: "4WD yafa, giyabokosi yatha, tiigawe pakati." Kugawa thirakitala pakati ndi ntchito ya masiku, ndalama zake si zamasewera, ndipo makasitomala sadikira, amapita kwa wina. Chonsecho kawirikawiri chomwe chaonongeka chimakhala kachitsulo kakang'ono, kapanja, kooneka ndi maso. Nayi njira yopezera pomwe mphamvu ikuthera musanalole munthu kutsegula giyabokosi.

Njira yomwe mphamvu imadutsa

4WD ndi pamene thirakitala ikukoka ndi matayala onse anayi, osati awiri akumbuyo okha. Mphamvu yopita kutsogolo imayenda njira imodzi yokha, ngati madzi a mu paipi. Imachoka ku giyabokosi n'kulowa m'kabokosi ka magiya komwe muli kilatchi yolumikiza kapena kudula 4WD. Kuchoka apo imadutsa mu shafuti yaitali ya kunsi kwa thirakitala. Shafutiyi imagwirana ndi zitsulo za mbali zonse ziwiri kudzera m'makapulingi, timapaipi tachitsulo tokhala ndi mano mkati. Kenako mphamvu imalowa mu difu yakutsogolo, yomwe imaigawa kumanja ndi kumanzere kudzera m'mashafuti awiri aafupi. Iliyonse ili ndi universal joint, cholumikizira chonga mtanda chomwe chimalola tayala kukhota likukoka. Pomaliza ndi mu habu, pakati pa tayala, momwe muli timagiya tina tochepetsa liwiro n'kuwonjezera mphamvu.

Madzi akasiya kutuluka pampopi, munthu sayamba ndi kugwetsa thanki. Amatsata paipi mpaka apeze pomwe yaduka. N'chimodzimodzi pano.

Yambani mwatsimikiza kuti yafadi

Pali zinthu ziwiri zomwe zimapusitsa anthu. Choyamba, mukaona tayala limodzi lakutsogolo likuzungulira m'matope linzake litaima, 4WD ili moyo. Umo ndi momwe difu wamba imagwirira ntchito: mphamvu imathawira ku tayala lomwe silikugwira pansi. Vuto lenileni ndi pamene akumbuyo akuzungulira koma akutsogolo onse awiri ali chete.

Chachiwiri ndi kanyali ka pa dashibodi. Pa mathirakitala ambiri kanyalika kamangokuuzani kuti swichi yadinidwa, sikadziwa zomwe zikuchitika kunsi. Katha kuyaka 4WD palibe, kapena babu n'kupsa 4WD ikugwira ntchito. Khulupirirani matayala, osati kanyali. Pitani pa dothi lofewa, kokani pulawo pang'onopang'ono, mnzanu ataima patali pambali n'kumayang'ana.

Dziwani mtundu wa thirakitala yanu

Mathirakitala akale omwe timawaona kuno amalowetsa 4WD m'njira zosiyana. Ena ali ndi chitsulo chokoka ndi dzanja, monga Massey Ferguson zambiri zakale. Banja la 300 la kampaniyi, momwe muli 375, 390 ndi 399, linkapangidwa ku Coventry ku England kuyambira 1986 mpaka 1997, ndipo MF 385 yomwe imabwera kuchokera ku Pakistan ndi m'bale wake. Pa mtundu wachitsulowu mulibe zamagetsi zambiri. Mukakoka chitsulo n'kumva kuti changopepuka, chosagwira kanthu, kawirikawiri kapini kolumikiza chitsulocho ndi kabokosi kaja kaduka kapena kagwa. Ndi ntchito yaing'ono. Koma ngati 4WD ikulowa kenako n'kutuluka yokha pulawo ikalemera, ndiye kuti mano a mkati kapena foloko yokankha giya yadyeka.

Ena ali ndi swichi. Apa m'pomwe ambiri amasochera. Pa mathirakitala ochuluka a swichi, monga John Deere 2850 ndi 3050 zopangidwa ku Mannheim ku Germany, chomwe chimalowetsa 4WD ndi masipuling'i, ndipo magetsi ndi oyilo ntchito yawo ndi kuitulutsa. Mukadina swichi kuti muzimitse 4WD, magetsi amapita ku solenoid, kavalavu kamagetsi komwe kamatsegulira oyilo kuti akankhe masipuling'iwo, kilatchi n'kumasuka. Tanthauzo lake ndi lakuti pa mtundu umenewu fyuzi ikapsa kapena waya akaduka, 4WD siichoka, imakakamira osatuluka. Ndiye munthu akakuuzani kuti 4WD yasowa chifukwa cha fyuzi, mufunseni kaye ngati akudziwa mtundu wa thirakitalayo.

Ulipo mtundu wachitatu womwe oyilo ndiye amalowetsa 4WD. Pa umenewo, inde, fyuzi yakupsa, waya wodyedwa ndi makoswe kapena wokoledwa ndi mapesi, oyilo wochepa ndi fyuluta yotsekeka zimatha kuichotsa. Buku la thirakitala yanu ndi lomwe lingakuuzeni kuti muli ndi iti. Ngati linatayika kalekale, lembani nambala ya thirakitalayo pa intaneti, mabuku a zambiri zakalezi alipo.

Choko ndi jeke

Tisanapite patali, nkhani ya moyo. Osayerekeza kukweza matayala akumbuyo okha pa jeke n'kuliza injini n'kulowetsa giya kuti "tione ngati akutsogolo akoka". Akakoka, thirakitala imadumpha pa jeke n'kupita, ndipo amene ali pafupi ndi amene imamuponda. Ntchito yonse yomwe ndikufotokoza apa ndi ya injini yozima, kiyi ali m'thumba mwanu, handibuleki yokoka, miyala kapena zipika zitatsekera matayala akumbuyo kutsogolo ndi kumbuyo, pamalo osatsetsereka. Jeke payokha si yoidalira. Ikani zipika zamitengo yolimba pansi pa ekiselo, osati njerwa, chifukwa njerwa imaphwanyika osachenjeza.

Tsopano chitani izi. Ngati yanu ndi yachitsulo, lowetsani 4WD thirakitala ikuyenda pang'ono kuti mano agwirane, kenako zimitsani. Ngati ndi ya masipuling'i, kungozimitsa injini kokha kumalowetsa 4WD chifukwa oyilo wasiya kukankha. Masulani chotchinga cha shafuti yaitali ija, ndi mabawuti ochepa chabe. Jambulani mzere wa choko wodutsa pa shafuti, pa kapulingi ndi pa chitsulo chomwe kapulingiyo yagwira, mbali zonse ziwiri. Kwezani tayala limodzi lakutsogolo, linzake likhale pansi. Kenako yesani kulizunguza ndi manja, mnzanu akuyang'ana shafuti ali pambali.

Zotsatira zake ndi zitatu. Tayala likangogwedera pang'ono n'kukana kuzungulira, njira yonse ndi yolumikizika. Tayala likazungulira, shafuti nayo n'kumazungulira, kutsogolo kuli bwino, mphamvu ikuthera kumbuyo kwa shafuti. Tayala likazungulira shafuti ili chete, vuto lili kutsogolo. Apa mwadula kale theka la ntchito, musanalipire aliyense. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Yang'anani mizere ya choko ija. Ngati mzere wa pa kapulingi wasemphana ndi wa pa shafuti, mwam'peza wolakwa: mano a kapulingi atha. Nthawi zina mumaona fumbi lofiira ngati dzimbiri pamenepo, chizindikiro choti zitsulo zakhala zikudyana popanda girizi. Kapulingi ndi chotsika mtengo, ndipo kuisintha sikufuna kugawa thirakitala.

Pamenepa ena amathamangira kwa owotcherera kuti aphatikize kapulingi ndi shafuti. Zitha kukutulutsani m'munda lero, koma mwadziikira msampha. Tsiku lomwe mudzafune kuchotsa shafutiyo mudzachita kudula, ndipo shafuti yowotcherera mokhota imagwedera n'kupha maberingi ndi masiilo a mbali zonse. Mwapulumutsa ndalama ya kapulingi n'kudzagula shafuti ndi zina zambiri.

Vuto likakhala kumbuyo

Ngati shafuti ikuzungulira momasuka koma makapulingi ali bwino, mlandu uli m'kabokosi kaja. Pa yachitsulo, onani kapini ndi zolumikizira zapanja kaye. Pa ya masipuling'i, injini ili yozima palibe magetsi kapena oyilo zomwe zingakhale zikuitulutsa, ndiye kuti mbale za kilatchi zatha, masipuling'i afooka kapena mano a shafuti yamkati adyeka. Apa ndiye pofunika makanika wodziwa. Kilatchi yotha imadziwikanso chonchi: popanda katundu matayala akutsogolo amakoka, koma pulawo ikangolowa pansi amasiya.

Nanga ngati injini ili yozima tayala likukana kuzungulira, koma mukailiza 4WD n'kusowa? Pa mtundu wa masipuling'i imeneyi ndi nkhani yabwino, chifukwa zitsulo zili bwino, chilipo chomwe chikuitulutsa. Zulani waya wa pa solenoid n'kukayesanso m'munda. 4WD ikabwerera, ndiye kuti swichi kapena mawaya akutumiza magetsi nthawi yosayenera. Ikapanda kubwerera, solenoid yakakamira yotsegula, kawirikawiri chifukwa cha zinyalala za mu oyilo. Imamasulidwa n'kutsukidwa kapena kusinthidwa, ndipo fyuluta nayo isinthidwe.

Vuto likakhala kutsogolo

Khotetsani chiwongolero mpaka kumapeto kuti universal joint ionekere kuseri kwa tayala, ngati ekiselo yanu ndi yosatseka pamenepo. Zunguzani tayala. Likamazungulira koma joint ili chete, zaonongeka ndi za mu habu ya mbali imeneyo. Joint ikamazungulira limodzi ndi tayala, yesani mbali inayo chimodzimodzi. Mbali zonse zikakhala bwino, ndiye kuti kwatsala difu kapena shafuti yaifupi yomwe yaduka mkati.

Oyilo amanena zoona. Khuthulirani pang'ono wa mu habu ndi wa mu difu m'chigubu choyera chodula pakati. Fumbi lachitsulo losalala ngati ufa pa maginito a chotsekera ndi la masiku onse. Tizidutswa tomveka m'zala ndi mano a giya. Oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka ndiye kuti munalowa madzi, zomwe zimachitika kwa mathirakitala olima m'dambo ndi owoloka mitsinje. Ndipo mukamasula chotsekera osatuluka kanthu, mwadziwa chomwe chinapha habu.

Chinaipha n'chiyani?

Kusintha chitsulo osapeza chomwe chinachidya ndi kutaya ndalama kawiri. Choyamba kuyang'ana ndi matayala. Mathirakitala a 4WD anapangidwa kuti matayala akutsogolo azithamanga pang'ono kuposa akumbuyo, ndi 1 mpaka 5 peresenti, ndipo izi zimadalira saizi ya matayala. Mwachitsanzo MF 385 ya 4WD imabwera ndi 12.4-24 kutsogolo ndi 18.4-30 kumbuyo. Mukaika saizi ina chifukwa ndi yomwe yapezeka motchipa, kutsogolo ndi kumbuyo kumayamba kulimbana, ndipo ndewu yake imathera pa kapulingi, kilatchi kapena difu. Matayala atsopano kumbuyo ndi operepeseka kutsogolo amachitanso zofananako.

Chachiwiri ndi msewu wa phula. M'munda dothi limalola tayala kuterereka pang'ono, zitsulo n'kupuma. Pa phula palibe zimenezo. Dalaivala wotuta njerwa tsiku lonse m'tauni 4WD ili mkati akudya matayala ndi magiya nthawi imodzi. Ukangotuluka m'munda, aise, tulutsa 4WD.

Chachitatu ndi girizi ndi oyilo. Ma universal joint okhala ndi pothirira girizi amafuna girizi, mano a kapulingi nawo apakidwe pomanga. Oyilo wa mu habu amaonedwa potembenuza tayala mpaka chotsekera chifike m'mbali, pakati ndi pakati, ndipo oyilo ayenera kufika pakamwa pa bowolo. Thirani mtundu womwe buku lanena, osati wotsala wa mu injini. Habu ikayamba kunyowa kunja, siilo yatha, isintheni isanaume.

Mukamapita kwa makanika

Zonsezi sizikutanthauza kuti makanika ndi osafunika. Difu ndi kilatchi yamkati zimafuna zida ndi munthu woti anazigwirapo. Kusiyana kwake n'kwakuti mukupita mukudziwa chomwe mukunena. M'malo moti "4WD yafa, muione", mumati "tayala likuzungulira, shafuti ili chete, oyilo wa habu yakumanzere ali ndi zidutswa". Makanika wabwino amasangalala ndi kasitomala wotere chifukwa mwam'fupikitsira ntchito. Wina akaumirira kugawa thirakitala, m'pempheni mwaulemu akuonetseni kaye pa jeke pomwe mphamvu ikuthera, ndipo chitsulo chilichonse chomwe wachotsa akupatseni m'manja.

Ngati zida zichedwa kufika, thirakitala yambiri imatha kugwirabe ntchito zopepuka ndi matayala akumbuyo okha vuto likakhala kapulingi kapena swichi. Koma ngati kutsogolo kukulira, kukugogoda, kapena mu oyilo munali zidutswa, imikani basi. Zidutswazo zimayenda ndi oyilo n'kumaliza magiya omwe anali abwino, ndipo habu ikhoza kumanga muli pamsewu ndi ngolo yodzaza.

Nthawi yabwino yochita zonsezi ndi pamene kunja kukadali kouma. Jeke, zipika, choko ndi mnzanu mmodzi, theka la m'mawa lakwana. Mvula ikagwa, galaja iliyonse imadzaza, ndipo thirakitala yotitimira pakati pa dambo siikwezeka pa jeke.