Nkhoswe ilibe layisensi, nanga mlangizi wa mabanja?

Banja likagwedezeka kuno ku Chikanda, oyamba kuitanidwa ndi ankhoswe. Palibe amawafunsa satifiketi. Mphamvu zawo zimachokera kumtundu: analipo pa chinkhoswe, ndipo akakondera, abale onse amadziwa.

Koma Chikanda si mudzi wamba. Kwadzaza ophunzira a University of Malawi komanso mabanja a lendi amene ankhoswe awo ali kutali, ku Karonga kapena ku Nsanje. Zikavuta, ena amathamangira kwa mlangizi wosamudziwa. Ine apa ndimafunsa: munthuyu anaphunzira kuti? Akaulula chinsinsi chanu, mukadandaula kwa ndani?

Layisensi imayankha mafunso amenewa. Ku California, ku America, wofuna ntchito yothandiza mabanja amatenga digiri yachiwiri, n'kugwira ntchito maola 3,000 moyang'aniridwa, kenako amalemba mayeso. Akaphwanya malamulo, atha kulandidwa chiphaso. Kwathu kuno dokotala amalembetsa ku Medical Council of Malawi, namwino ku Nurses and Midwives Council. Koma dzina loti mlangizi, aliyense atha kudzipatsa.

Mwina mukuti, vuto lili pati? Taganizirani mayi amene sakugona, sakudya, ndipo akuganiza zodzipha. Kumuuza kuti banja ndi kupirira n'kumupweteka, chifukwa amenewo ndi matenda a maganizo. Mlangizi wophunzira amazindikira zizindikirozi n'kumutumiza ku Zomba Mental Hospital. Akaona nkhanza, amamulozera ku Victim Support Unit ya apolisi. Ntchitoyi ikakusangalatsani, sukulu ya St John of God ku Mzuzu imaphunzitsa za uphungu.