Bambo, musamaizunze galimoto m'mawa

Anzanga apabanja, Lamulungu lino tikambirane za chizolowezi chimene ndimachiona m'makomo ambiri. Bambo akangoliza galimoto m'mawa, amaponda moto mpaka nkhuku kubalalika, ati injini itenthe msanga. Kodi zimenezi zimaononga galimoto? Inde, makamaka injini ikakhala yozizira.

Galimoto ikagona usiku wonse, oyilo amatsikira pansi pa injini ndipo amakhuthala, makamaka mu June ndi July. Mukaponda moto mwamphamvu oyiloyo asanafike paliponse, zitsulo zimakhulana. Vuto silioneka tsiku lomwelo ayi. Zitsulozo zimadyeka pang'onopang'ono, kenaka galimoto imayamba kufuka utsi ndi kumwa oyilo, ndalama ya fizi n'kuthera kwa makaniko.

Chochita n'chosavuta. Lizani injini, dikirani masekondi 30, nyamukani modekha. Injini ikatentha bwino, kufika madigiri pafupifupi 90, kuponda moto mwa apo ndi apo, monga pokwera chitunda, sikuononga kanthu, bola muvi wosonyeza liwiro la injini usafike pofiira.

Koma ine, monga namwino wopuma pantchito, nkhawa yanga yaikulu ndi ana. Utsi wa galimoto uli ndi mpweya wa carbon monoxide, wosaoneka komanso wosanunkha. Ukalowa m'magazi umalanda malo a okosijeni, munthu n'kuyamba kumva mutu ndi chizungulire, kukomoka, mwinanso kufa kumene. Choncho musamalize injini m'galaja yotseka, ndipo ana podikira kupita kusukulu asamaime kumbuyo kwa galimoto.

Amayi, akumbutseni bambo mwaulemu. Galimotoyo ndi ya banja lonse.