Mtengo uliwonse uli ndi malo ake m'mbali mwa Shire

Dzinja lililonse, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, midzi ya ku Machinga ndi Balaka imadzala mbande m'mbali mwa Shire ndi mitsinje yothira mu Shire monga Likwenu ndi Rivirivi. Zikafota, timafulumira kuloza chala mbuzi, chiswe ndi moto. Koma pali chifukwa china chimene sitimachitchula kawirikawiri: kudzala mtundu umodzi wa mtengo kuchokera pagombe mpaka kumtunda, ngati kuti malo onsewo ndi ofanana.

Zimene nkhalango yachilengedwe ikutionetsa

Malo osungirako nyama a Liwonde National Park, amene anakhazikitsidwa mu 1973, asunga mitengo ya m'mbali mwa Shire pafupifupi momwe inamerera yokha. Mukaiyang'ana bwino muona kuti sinamere mwachisawawa. Pamene madzi amakhala miyezi yambiri pali bango, gumbwa ndi udzu, ndipo mitengo ndi yochepa. Pamene madzi amafika n'kuphwa msanga pali migwalangwa, mikuyu, mivunguti, misikidzi ndi mitengo ya minga ya khungwa lachikasu imene akatswiri amaitcha Acacia xanthophloea. Kumtunda, pa dothi lolimba louma, ndiye kwawo kwa tsanya ndi milambe.

Chimene chimagawa mitengo motere ndi nthawi imene mizu imakhala m'madzi. Mizu imapuma mpweya wopezeka m'timipata ta m'nthaka. Madzi akadzaza timipatato, mpweya umatha ndipo mizu ya mitengo yambiri imayamba kuwola. Mitundu yopirira zimenezi kwa nthawi yaitali ndi yowerengeka. N'chifukwa chake pamalo otsikitsitsa pamamera mitundu yochepa, ndipo mitundu imachuluka nthaka ikamakwera. Ofufuza anapeza zomwezi m'nkhalango zosefukira madzi za mtsinje wa Amazon ku South America.

Zinthu ziwiri zoyenera kudziwa za Shire

Choyamba, malo oyandikana ndi mtsinje si nthawi zonse amakhala otsikitsitsa. Madzi akasefukira amataya mchenga pafupi ndi gombe, ndipo matope osalala amakatsala kutali. Pakapita zaka, pagombe pamakhala kamtunda ka mchenga wosakanikirana ndi dothi, pamene kuseri kwake kumakhala dambo la makande losunga madzi. Mbande yodzalidwa pakamtundako ikhoza kukula bwino, ina ya mtundu womwewo n'kufera m'dambo mamita ochepa kuchokera pamenepo.

Chachiwiri, Shire amachokera m'nyanja ya Malawi kudzera m'nyanja ya Malombe, ndipo nyanja ya Malawi imadzaza kwambiri cha mu Epulo ndi Meyi, mvula itayamba kale kuleka. Kuonjezera apo, madzi amayendetsedwa ndi zitseko za Kamuzu Barrage, imene inamangidwa pa Liwonde mu 1965. Choncho malo otsika a m'mbali mwa Shire akhoza kukhalabe m'madzi pamene Likwenu ndi Rivirivi aphwa kale. Mitsinje ing'onoing'onoyi imadzaza mwadzidzidzi ndi kuphwa m'masiku ochepa, koma imakokolola gombe mwamphamvu.

Ubwino wosakaniza mitundu

Mizu ya mitengo siigwira nthaka mofanana. Mkuyu umayala mizu m'mbali ndi kumanga gombe. Nsangu umalowetsa muzu wake pansi kwambiri, ndipo umayoyola masamba m'dzinja, motero sutchinga dzuwa pa chimanga ndipo umaonjezera chonde. Nsungwi, bango ndi vetiva zimachepetsa liwiro la madzi ndi kugwira matope. Zikakhala pamodzi, chimene china chalephera chinzake chimakwaniritsa.

Zaka nazonso sizifanana. Tinaona kusefukira kwa madzi mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023, ndipo pakati pake panali zaka za ng'amba. Mtundu wopirira madzi si womwewo umapirira chilala. Pogona pali mitundu ingapo, chaka choipa sichipululutsa zonse.

Tizilombo natonso tatiphunzitsa. Mu 1986 m'Malawi munapezeka nsabwe zimene zinaononga mitengo ya saipuresi ndi mkungudza, ndipo m'zaka za m'ma 1990 tizilombo tina tinagwira lukina amene alimi ambiri anadzala m'minda. Amene anadalira mtundu umodzi ndiwo anataya kwambiri.

Mlimi amapindulanso mosiyanasiyana: zipatso za masau, bwemba ndi malambe, matabwa a mbawa, mlaza wa mgwalangwa wolukira madengu, zakudya za ziweto kuchokera ku nsangu, ndi maluwa a njuchi m'miyezi yosiyana. Matope akagwidwa kumtunda kuno, sakadzaza madamu a magetsi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira.

Kugawa malo musanadzale

Alangizi ayende ndi alimi otsogolera pamalopo madzi atangophwa. Onani pamene pathera zinyalala zokodwa m'nthambi ndi mzere wa matope pa makungwa. Funsani akuluakulu a m'mudzi kuti madzi amafika pati ndipo amakhala masiku angati, chaka chabwino ndi chaka choipa. Lembani mitundu yonse ya mitengo ndi zitsa zimene zilipo kale, pakuti mtengo umene unamera wokha pamalopo waonetsa kale kuti umapakonda. Kenaka gawani malo patatu.

Gawo loyamba ndi pamene madzi amakhala mwezi kapena kuposerapo. Siyani bango ndi udzu, musalime, musatenthe. M'mphepete mwake mungadzale katope, kanjedza ndi mtengo wa minga wa khungwa lachikasu uja.

Gawo lachiwiri ndi pamene madzi amafika n'kuphwa m'masiku ochepa. Apa ndi pa mkuyu, mvunguti, msikidzi, mbawa, nsangu ndi nsungwi. Ngati ndi m'munda, nsangu utalikirane mamita 10 mbali zonse, kuti pa hekitala pakhale mitengo 100.

Gawo lachitatu ndi pamene madzi safika kawirikawiri. Dzalani bwemba, masau ndi mfula, ndipo samalirani zitsa za tsanya kuti ziphukire. Bulugama akhale kuno kumtunda, kutali ndi gombe ndi zitsime, chifukwa amamwa madzi ambiri.

Kunazale ndi kumunda

Mitundu yambiri imafuna kasamalidwe kosiyana. Njere za msikidzi ndi katope sizisungika. Fesani zikangotoledwa, mutachotsa mnofu wake. Za mbawa zimafooka pakapita miyezi yochepa. Za nsangu zili ndi khungu lolimba, choncho zibudulidwe pang'ono ndi chowengera zikhadabo musanafese, ndipo mbande zake zisakhalitse m'machubu poti muzu umapindika. Mkuyu umagwira ngakhale mutazika nthambi yaikulu. Mgwalangwa ufesedwe pamalo pomwe udzakulire, chifukwa suyanjana ndi kuokera. Tolani njere ku mitengo ingapo yathanzi, osati umodzi wokha, ndipo mtundu wosowa m'dera lanu mungafunse kwa alangizi a zankhalango kapena ku Forestry Research Institute of Malawi ku Zomba.

Gawo lachiwiri ndi lachitatu dzalani mvula ikakhazikika. Gawo loyamba dikirani madzi abwerere, nthaka idakali ndi chinyontho, ndipo muzithirira m'chilimwe choyamba. Mtengo waukulu umapirira madzi ofika m'thunthu, koma mbande ikamira yonse kwa masiku ambiri imafa.

Pomaliza, sungani kaundula. Lembani mtundu, gawo, tsiku lodzala ndi chiwerengero cha mbande, ndipo muwerengenso zamoyo madzi akaphwa ndiponso kumapeto kwa Okutobala. Musangolemba kuti mwadzala mitengo ingati. Lembani kuti ndi mitundu ingati imene yapulumuka m'gawo lililonse, chifukwa ndi zimenezo zidzakuuzeni zoti mufese kunazale chaka chamawa.