Njira imene Uthenga unadzera: Galileya, Antiokeya ndi Mzimba

Ambiri mwa ife tili ndi Baibulo lokhala ndi mapu kumapeto kwake, koma ndife ochepa amene timatsegula masamba amenewo. Komatu mapu aja akutikumbutsa kuti Chikhristu chinayambira pamalo enieni, pakati pa anthu amene anali ndi mafumu awo, misonkho yawo ndi zilankhulo zawo. Tikadziwa amene ankalamula, amene anali pa ulendo ndi chilankhulo chimene chinkamveka pa msika, timamvetsa chifukwa chake Uthenga unadzera njira imene unadzerayo. Mafunso omwewa tikhoza kuwafunsa za kwathu kuno, ndipo boma la Mzimba limawayankha momveka bwino.

Tiyambe ndi dziko la Yesu, limene ndi laling'ono kuposa mmene timaliganizira. Kuchoka ku Nazarete kupita ku Yerusalemu kudzera ku Samariya ndi makilomita pafupifupi 120, ulendo wapansi wa masiku atatu. Mtunda umenewu sukusiyana kwenikweni ndi wochoka pa boma la Mzimba kukafika ku Mzuzu. Nyanja ya Galileya ndi makilomita 21 m'litali ndi 13 m'lifupi. Msodzi wa ku Chintheche ataiona akhoza kufunsa ngati nyanjayo ndi yomweyi kapena ili kutsogolo. Yerusalemu ali pa phiri, mamita oposa 700 pamwamba pa nyanja yamchere, pamene Yeriko ali m'chigwa, mamita pafupifupi 250 pansi pake, ndipo pakati pa mizinda iwiriyi sipakwana makilomita 30. Amene anatsikapo kuchoka pa Viphya kupita kunyanja akudziwa tanthauzo la kutsika kotere.

Kadziko aka kanali pa mphambano. Wochoka ku Igupto kupita ku Siriya kapena ku Babulo ankadutsa pomwepa, kaya ndi wamalonda kaya ndi msilikali, ndipo ufumu uliwonse umene unadutsa unasiya kanthu. Ukapolo wa ku Babulo unamwaza Ayuda m'mayiko ambiri, ndipo Chiaramu chinasanduka chilankhulo cha pakhomo. Alexander anafika m'chaka cha 332 Khristu asanabadwe, Chigiriki n'kukhala chilankhulo cha malonda ndi maphunziro. Pompey analanda Yerusalemu m'chaka cha 63 Khristu asanabadwe, ndipo Aroma anabwera ndi misewu, asilikali ndi okhometsa msonkho. Pofika nthawi ya atumwi, munali Ayuda ambirimbiri mu Alexandria, mu Antiokeya, mu Efeso, mu Korinto ndi mu Roma momwe. Ankasonkhana m'masunagoge Sabata lililonse, akuwerenga Malemba amene anali atamasuliridwa kale m'Chigiriki. Paulo, wobadwira ku Tariso, anali mwana wa anthu a m'matchona oterewa, ndipo akafika mumzinda watsopano ankayambira ku sunagoge, kumene ankapeza anthu odziwa kale Mose ndi aneneri.

Pali anthu ena amene sitimawatchula kawirikawiri. Machitidwe 11 akutiuza kuti oyamba kulalikira kwa Agiriki ku Antiokeya anali okhulupirira ochokera ku Kupro ndi ku Kurene, mzinda wa kumpoto kwa Africa, m'dziko limene lero ndi Libya. Mayina awo sanalembedwe pamenepo. Chimene anali nacho ndi chakuti anakulira pakati pa anthu a mitundu ina ndipo ankadziwa kulankhula nawo. Tiwasunge m'maganizo anthu amenewa, chifukwa ku Mzimba tikumana ndi mnzawo.

Mzimba ndi boma lalikulu kuposa onse m'Malawi. Kum'mawa kwake kuli mapiri a Viphya, amene amalitchinga ku nyanja. Kumadzulo kuli chidikha cha mitsinje ya Kasitu, Mzimba ndi South Rukuru, dziko la msipu lolowera ku Zambia. Eni nthaka anali Atumbuka. Angoni a Zwangendaba, amene anachoka kum'mwera kwa Africa pa nthawi ya nkhondo za Shaka, anawoloka Zambezi mu Novembala 1835 pa tsiku la kadamsana, anafika mpaka ku Ufipa m'dziko la Tanzania, ndipo mfumu yawo itamwalira anagawikana. Gulu la M'mbelwa linatsika n'kukhazikika kuno m'zaka za m'ma 1850. Angoni ankatenga anthu a mitundu imene agonjetsa n'kuwalowetsa m'midzi yawo, kotero kuti mudzi umodzi unkakhala ndi Asenga, Atumbuka, Atonga ndi Achewa pansi pa induna imodzi. Si onse anakhutira. Atonga anathawira kunyanja m'zaka za m'ma 1870, ndipo cha m'ma 1880 Atumbuka otsogozedwa ndi Baza Dokowe anaukira, ambiri n'kuphedwa pa phiri la Hora, pomwe lero pamachitikira mwambo wa Umthetho.

Amishoni a Livingstonia anayamba ntchito ku Cape Maclear mu 1875, ndipo mu 1881 anasamukira ku Bandawe, pakati pa Atonga omwe aja. Apa ndi pamene mapu amafotokoza mbiri. Kukhala pa Bandawe kunali kukhala m'munsi mwa Viphya, pakati pa anthu amene Angoni ankawayesa akapolo awo othawa. Dr Robert Laws anaona kuti popanda kumvana ndi M'mbelwa, mishoni ya kunyanja sikhalitsa. Choncho amishoni anakwera phiri kufuna mtendere asanaganize n'komwe zomanga tchalitchi. Nayenso M'mbelwa anali ndi zake mumtima: ankafuna kuti azungu asiye Atonga, adzakhale ndi iye yekha pamodzi ndi nsalu zawo.

Vuto linali chilankhulo, ndipo analithetsa William Koyi. Iye anali Mxhosa, mmodzi mwa anyamata anayi a sukulu ya Lovedale ku South Africa amene anadzipereka mu 1876 kudzathandiza ku Livingstonia. Chixhosa ndi Chingoni ndi zilankhulo za pachibale, ndiye akuluakulu a Angoni akamva Koyi akulankhula ankamva mawu a kwawo kumene makolo awo anachokera. Ankadziwa malonje, ankadziwa nthawi yokhala chete pa bwalo. Mu 1882 anakhazikika pa Njuyu, pafupi ndi mtsinje wa Kasitu, ndipo kwa zaka zingapo ntchito yake yaikulu inali kudikira, popeza M'mbelwa anakana sukulu. Mfumuyo inaona patali: mnyamata wophunzira za m'Buku sadzafunanso kugwira chishango. Dr Walter Elmslie anafika mu 1885, nayenso n'kudikira. Ophunzira oyamba ankabwera usiku mozemba, ngati Nikodemo.

Kumayambiriro kwa 1886 mvula inakana. Angoni atayesa njira zawo anapempha amishoni kuti apemphere, ndipo mvula inagwa. Chaka chomwecho chilolezo cha sukulu chinaperekedwa, koma Koyi anali ali gone, ndipo anamwalira pa Njuyu asanaone zipatso. Oyamba kubatizidwa, mu 1890, anali Mawelera Tembo ndi m'bale wake Makara, ana a sing'anga wa mtundu wa Asenga. Zaka zisanu ndi zitatu, anthu awiri. Ife amene timawerengera kupambana kwa msonkhano wa chitsitsimutso ndi chiwerengero cha obatizidwa pa Sabata lomaliza tikanalemba lipoti loti ntchito ya pa Njuyu yalephera. Tikuona kuti dzina la Koyi liyenera kumveka m'makalasi athu mofanana ndi la Laws.

Zinthu zinasintha mwachangu pambuyo pake, ndipo zina mwa zifukwa zake zinali za m'dothi ndi za m'khola. M'mbelwa anamwalira mu 1891. Cha m'ma 1893 mliri unapulula ng'ombe, chuma chimene ulemu wa Mngoni unatsamirapo. Nkhondo zolanda zinayamba kutha, ndipo anyamata anayamba kufuna njira ina yokwerera, imene ambiri anaipeza kusukulu. Pa msonkhano wa mgonero umene Donald Fraser anachititsa ku Ekwendeni mu 1898 panasonkhana anthu masauzande. Sitikunena kuti Mzimu sanagwire ntchito. Tikunena kuti anagwira ntchito pa anthu amene dziko lawo linali likugwedezeka, monga zinalili ku Yudeya pansi pa Aroma.

Tikaika malo a mishoni pa mapu motsatana, timaona chinthu chochititsa chidwi: Njuyu mu 1882, Ekwendeni mu 1889, Hora mu 1893, Loudon mu 1902. Mishoni inkasamuka chifukwa anthu ankasamuka. Midzi ya Angoni inali ikuluikulu, ya ng'ombe zambiri, ndipo pakapita zaka nthaka inkaguga, nkhuni ndi msipu n'kutha. Mudzi ukanyamuka, mphunzitsi ankatsala ndi sukulu yopanda ana. Ndi mmene Fraser anachokera pa Hora n'kutsatira anthu kum'mwera, m'dera la Inkosi Mzukuzuku, pamalo amene tikuwadziwa lero kuti Embangweni. Kumeneko kunamangidwa tchalitchi chachikulu, ndipo Fraser analimbikitsa Akhristu kupeka nyimbo m'mayimbidwe a Chingoni m'malo mongomasulira za ku Scotland. Kuchokera m'dera lomweli alaliki, mmodzi mwa iwo Daniel Mtusu Nhlane, anatsikira kwa Asenga ku chigwa cha Luangwa. Loudon inakhala ngati Antiokeya wamng'ono: inalandira Uthenga kenako n'kuutumiza kwina.

Chilankhulo chimene chinatsegula khomo sindicho chinakhalitsa m'nyumba. Ana ambiri a Angoni analeredwa ndi amayi Achitumbuka, ndipo Chingoni chinayamba kutsalira m'nyimbo ndi m'mabwalo a mafumu. Mpingo unatsatira pakamwa pa anthu, Chipangano Chatsopano n'kutuluka m'Chitumbuka mu 1911. Izi zikufanana ndi zimene zinachitika kale: Yesu ankaphunzitsa m'Chiaramu, koma Mauthenga Abwino analembedwa m'Chigiriki. Nkhani inonso tikuilemba m'Chichewa, chimene chinakhala chilankhulo cha dziko mu 1968, chaka chimene Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi. Wophunzira wotumidwa kukalalikira kapena kukagulitsa mabuku ku Jenda, ku Euthini kapena kwa Mabulabo adziwe kuti agogo amene akumumvera mwaulemuwo amapemphera m'Chitumbuka.

Kufanizira kuli ndi malire ake, ndipo malire ena ndi owawa. Atumwi anali anthu olamulidwa, opanda boma kumbuyo kwawo. Ku Mzimba Uthenga unafika patsogolo pa ufumu wa Britain, ndipo ambiri mwa ounyamula anali a mtundu umodzi ndi olamulawo. Mu 1904, pamene Alfred Sharpe anakumana ndi mafumu a Angoni ku Ekwendeni n'kuika dziko lawo pansi pa boma la atsamunda, amishoni ndiwo anasalaza njira. Magazi sanakhetsedwe, mosiyana ndi kwa Mpezeni mu 1898, ndipo ichi n'choyamika. Koma mu 1906 msonkho unayamba, ndipo amuna anayamba kuyenda ulendo wa ku migodi ya ku Rhodesia ndi ku Johannesburg, ulendo umene mpaka lero sunathe.

Sabata linalowa mu Mzimba kudzera m'njira za kum'mwera zomwezi. Charles Domingo anabwera kuchokera ku Quelimane ali mwana mu 1881, ndipo amene anamutenga ndi Koyi yemwe uja. Anakulira m'nyumba ya Laws, anatsiriza maphunziro a zaumulungu ku Livingstonia, anatumikira ku Loudon, koma zaka zinkapita osadzozedwa ubusa. Mu 1908 anachoka. Pofika 1910 anali akutsogolera mipingo ya Seventh Day Baptist m'boma la Mzimba, akulemberana makalata ndi Joseph Booth amene anali ku Cape Town. Mipingoyi inalibe mzungu wokhala nayo. Inkadalira makalata ndi timabuku tobwera pa positi, monga mipingo ya ku Galatiya inkadalira kalata yowerengedwa pa msonkhano. Boma linamuchotsa Domingo m'derali mu 1916, pambuyo pa kuukira kwa John Chilembwe. Livingstonia inadzoza abusa ake oyamba achikuda mu 1914, ndipo mmodzi mwa atatuwo, Jonathan Chirwa, anatumikira ku Loudon, kumene manda ake ali pafupi ndi pamene panaikidwa phulusa la Fraser.

Mpingo wathu wa Seventh-day Adventist unayambira kutali, ku Malamulo m'boma la Thyolo, mu 1902, chaka chomwe Loudon inatsegulidwa. Kumpoto unafika kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, ku Luwazi m'boma la Nkhata Bay ndi ku Lunjika m'boma la Mzimba, mishoni imene inkadziwikanso kuti Mombera, katchulidwe ka azungu ka dzina la M'mbelwa. Apa n'kuti patapita zaka zoposa 45 chikhazikikire Koyi pa Njuyu. Apainiya athu anapeza anthu odziwa kuwerenga, okhala ndi Chipangano Chatsopano m'chilankhulo chawo, ndipo ena mwa iwo anali atasunga kale Sabata kwa zaka zambiri. Ambiri mwa amene anawerenga lamulo lachinayi ndi maso awo anaphunzira zilembo m'sukulu za Livingstonia.

Lero mabasi amanyamuka pa boma la Mzimba kulunjika ku Joni, kudutsa pa Jenda, atadzaza anyamata ndi atsikana, ena mwa iwo mamembala athu amene mayina awo akadali m'kaundula wa mpingo wa kumudzi. Wofuna kujambula mapu a mpingo wa ku Mzimba wa chaka chino ayenera kutenga pepala lalikulu lokwana Johannesburg, Durban ndi Cape Town.