Dzina Lachiwiri la Mwana Wamwamuna Wobadwira Kuchilendo

Kuwerenga: Genesis 41:45-52, 2 Samueli 12:24-25, Luka 1:57-63

Phunziro la lero likupita makamaka kwa inu abale a m'minda ya tiyi ya ku Zimbabwe, ku Aberfoyle ndi Eastern Highlands m'chigwa cha Honde, ndiponso ku Ratelshoek, Jersey, Zona ndi Southdown m'boma la Chipinge. Ambiri mwa inu ndinu ana ndi zidzukulu za anthu amene anachoka ku Nyasaland ndi ku Mozambique kudzafuna ntchito, ena nthawi ya Chitaganya cha 1953 mpaka 1963, ena kale chitaganyacho chisanabwere. Kumudzi anawatcha matchona. Lero mwana wamwamuna akabadwa pakomboni, kawirikawiri amalandira dzina lalifupi lachingerezi: Ben, Sam, Dan, Paul kapena John. Dzina lotere silivuta kwa kalaliki wa pa esiteti, kwa mphunzitsi kapena kwa mnansi wolankhula Chimanyika kapena Chindau. Funso limene likutsala ndi lakuti pakati pa dzina lalifupilo ndi dzina la mfunda tiikepo dzina lotani.

Tiyambe ndi Yosefe, amene anali mtchona ku Aigupto. Farao anampatsa dzina lachiaigupto, Zafenati-Panea, ndipo anakwatira Asenati, mkazi wa dzikolo. Koma ana ake awiri atabadwa, Yosefe anawatcha maina a chinenero cha atate ake. Woyamba anamutcha Manase, chifukwa Mulungu anamuiwalitsa mavuto ake onse. Wachiwiri anamutcha Efraimu, chifukwa Mulungu anamubalitsa m'dziko limene anasaukiramo. Yosefe sanakane dzina la kuntchito, koma umboni wa zimene Mulungu anamchitira anausunga m'maina a ana ake. Patapita zaka mazana, Manase ndi Efraimu anawerengedwa pakati pa mafuko a Israele.

Maina awiri pa munthu mmodzi si chinthu chachilendo m'Malemba. Davide anatcha mwana wake Solomo, ndipo Yehova anatuma mneneri Natani kukamutcha Yedidiya, ndiko kunena wokondedwa wa Yehova. Pa Machitidwe 12:12 tikumana ndi Yohane amene ankatchedwanso Marko, dzina limodzi lachiyuda, lina lachiroma. Pa Machitidwe 13:9 Saulo akutchedwanso Paulo. Nafenso tikudziwa za Hastings Kamuzu Banda, mtsogoleri woyamba wa Malawi, amene ali mnyamata anagwirako ntchito pa chipatala cha Hartley, kumene lero kumatchedwa Chegutu. Dzina la Hastings analitenga kwa m'mishonale wa ku Scotland, Kamuzu ndi lakwawo ku Kasungu, ndipo Banda ndi mfunda.

Posankha dzina lachiwiri, choyamba onani tanthauzo. Makolo athu ankatcha mwana atatuluka m'chikuta, mchombo utagwa, ndipo dzina linkanena zimene banja likudutsamo. N'chifukwa chake tili ndi a Mavuto, a Masautso ndi a Maliro. Sitikuwaseka makolowo, pakuti anaika ana ambiri m'manda. Koma taonani zimene zinachitika pa Genesis 35:18. Rakele akumwalira pobereka anatcha mwana wake Benoni, mwana wa chisoni changa, koma Yakobo anamutcha Benjamini, mwana wa dzanja lamanja. Yakobo sanalole kuti mwana asenze maliro a amake moyo wake wonse. Malipiro akachedwa pa esiteti, kapena apongozi akakulakwirani, musalembe mkwiyo wanu pa mwana. Mkangano udzatha, koma dzina lidzatsala. Sankhani dzina limene mwana akadzafunsa chifukwa chake, mudzamuyankha ndi umboni: Madalitso, Chisomo, Mayamiko, Limbikani, Pilirani, Chiyembekezo. Ndipo musatole dzina la pa kanema chifukwa chongokoma m'khutu musanafufuze tanthauzo lake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chachiwiri, mverani kamvekedwe kake. Dzina monga Ben kapena Sam limatha msanga, ndipo mfunda yambiri yathu, monga Phiri, Banda, Mwale ndi Mbewe, ndi yaifupinso. Mukaika dzina linanso lalifupi pakati, maina onse atatu amamveka ngati munthu akudula nkhuni. Dzina lachichewa lalitali limapatsa mpweya poyenda, chifukwa mawu athu amathera pa lembo la liwu ndipo amakoka pang'ono asanathe. Yesani kutchula Sam Mayamiko Phiri, kapena Dan Chiyembekezo Banda. Tchulani maina onse atatu mokweza katatu, monga adzatchulira mbusa pa tsiku la ukwati wa mwanayo. Lilime likakodwa, funani lina.

Chachitatu, kumbukirani anansi. Ambiri mwa inu munakwatira kapena kukwatiwa ndi Amanyika kapena Andau, ndipo mwana ali ndi agogo mbali ziwiri. Maina ena a Chishona amanena zomwezo zimene athu amanena: Tendai ndi Thokozani, Farai ndi Kondwani, Nyasha ndi Chisomo, Chipo ndi Mphatso. Banja likhoza kugwirizana kuti mwana uyu atenge la kuchimuna, wotsatira atenge la kuchikazi. Mutu umodzi susenza denga, choncho funsani akulu a mbali zonse. Koma mawu omaliza akhale a bambo ndi mayi atapemphera. Pa Luka 1 abale ndi anansi anafuna kutcha mwana Zakariya monga atate wake, koma Elizabeti anakana, ndipo Zakariya analemba dzina la Yohane pa cholembapo, monga mngelo anamuuzira. Mwamuna ndi mkazi anali amodzi pa chimene Mulungu ananena.

Chachinayi, samalani kalembedwe, pakuti apa ndi pamene mabanja ambiri apwetekera. Chishona cholembedwa chilibe lembo la l, motero wolemba akhoza kusandutsa Limbani kukhala Rimbani, kapena kuchotsa h mu Phiri. Lamulo la Zimbabwe limafuna kuti mwana alembetsedwe pasanathe masiku 42 chibadwire. Lembani nokha maina onse atatu papepala musanapite ku ofesi ya kalembera, ndipo werengani kalata ya kubadwa musanachoke pakhomo pa ofesiyo. Mainawo akhale chimodzimodzi pa khadi la sikelo, m'buku la mpingo, kusukulu, pa mayeso a ZIMSEC ndi pachitupa. Mukukumbukira kuti lamulo la unzika la 2001 linasiya ana ambiri a matchona akuwerengedwa ngati alendo m'dziko limene anabadwiramo. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anatsegula khomo kwa obadwira mu Zimbabwe amene kholo lawo linachokera m'maiko a SADC, ndiponso anazindikira Chichewa pakati pa zinenero 16 za dzikolo. Koma khomo lotseguka limafuna mapepala ogwirizana. Namondwe wa Idai atagwa mu Malichi 2019 ku Chimanimani ndi Chipinge, mabanja ambiri anataya zikalata zawo. Pamene pali a John Phiri khumi pa esiteti imodzi, dzina lapakati ndi limene lidzasiyanitsa mwana wanu ndi ena pofuna chitupa chatsopano kapena penshoni ya NSSA.

Pomaliza, okondedwa, dzina labwino silipulumutsa munthu. Abisalomu, mwana wa Davide, anali ndi dzina lonena za mtendere, koma anaukira atate wake. Mukatcha mwana Chisomo, muli ndi ngongole yomuphunzitsa chisomo chimene chili mwa Yesu Khristu. Pa Luka 10:20 Ambuye anauza ophunzira ake kuti chimwemwe chawo chikhale pa maina awo olembedwa kumwamba, ndipo m'kaundula ameneyo palibe wolembedwa kuti mlendo. Lembetsani mwana wanu kuboma pa nthawi yake, ndipo mugwade tsiku ndi tsiku mpaka iye mwini adzavomereze Mpulumutsi ndi pakamwa pake.

Tipemphere. Atate wakumwamba, tikupereka kwa Inu ana aamuna obadwira m'makomboni a ku Honde ndi ku Chipinge. Patsani makolo awo nzeru ndi umodzi posankha maina, ndipo muwaitane anawa kuti akhale anu. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.