Macheza a pa Foni ndi Haki Zinayi za Pamsewu

Tikuyamika Allah Subhaanahu wa Ta'aala amene adatipatsa lilime ndi nzeru, ndipo tikupempha kuti madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wake Muhammad (SAW), akubanja kwake ndi Maswahaba ake onse.

Masiku ano banja limodzi limatha kukhala m'malo anayi. Bambo ali pa doko ku Msaka, mwana wamkulu akugwira ntchito m'sitolo ku Durban, mlongo wake ali ku Lilongwe, agogo ali kumudzi ku Namwera. Chimene chimawakumanitsa tsiku ndi tsiku ndi gulu la WhatsApp. Palinso magulu a anthu amene adaphunzira madrassah imodzi, a ogulitsa nsomba, ngakhale a anthu amene sadaonanepo maso ndi maso koma adazolowerana pa Facebook. Nkhani zake sizikhala zazikulu. Mwera wavuta, usipa wakwera mtengo, abwana asintha nthawi yolowera, mbuzi yaswa awiri, mphaka waba nsomba pa thandala.

Ena amafunsa ngati macheza otere si kutaya nthawi kwa Msilamu. Ena safunsa n'komwe, chifukwa amaganiza kuti zolemba pa foni siziwerengedwa ngati zoyankhula. Onsewa akuyankhidwa ndi Hadith imodzi.

Maswahaba nawonso adali ndi pochezera

Swahaba Abu Sa'id Al-Khudri (RA) adasimba, mu Hadith imene adailandira Bukhari ndi Muslim, kuti Mtumiki (SAW) adachenjeza Maswahaba za kukhala m'mbali mwa njira. Iwo adadandaula kuti sangachitire mwina, poti kumeneko n'kumene amachezera. Mtumiki (SAW) sadawathamangitse. Adawalola, koma adawauza kuti aipatse njirayo haki yake, kutanthauza zimene ikuyenera kuchitiridwa. Adatchula zinayi: kusunga maso, kusavutitsa ena, kuyankha salaam, ndi kulamula zabwino pamodzi ndi kuletsa zoipa.

Gulu la pa foni lili ngati pamsewu pomwepo. Anthu amakhalapo, ena amangodutsa, ndipo zoyankhulidwa zimamveka kwa amene sitidawaganizire. Choncho lamulo lake ndi lomwelo: kucheza n'kololedwa, koma kuli ndi haki zake.

Nkhani zing'onozing'ono si zachabe

Jabir ibn Samurah (RA) adanena kuti pambuyo pa Swala ya Fajr Maswahaba ankakhala n'kumakumbutsana za m'masiku a umbuli, ankaseka, ndipo Mtumiki (SAW) ankamwetulira. Anas ibn Malik (RA) adali ndi mng'ono wake wotchedwa Abu Umair, amene ankaweta kambalame. Mtumiki (SAW) ankamufunsa mwanayo za kambalame kakeko pofuna kumusangalatsa. Nayenso Abu Hurairah (RA), amene adasimba Hadith zambiri kuposa Swahaba wina aliyense, timamudziwa ndi dzina limene lidachokera pa kamphaka kamene ankakakonda.

Apa tikuphunzira kuti kufunsa munthu za ntchito yake, nkhuku zake kapena mphaka wa ana ake ndi njira yomusonyeza kuti timamuwerengera. Taganizirani m'bale amene ali ku Joni. Ngati uthenga uliwonse wochokera kumudzi uli wopempha ndalama, amayamba kuchita mantha foni ikalira. Koma akalandira chithunzi cha mwana wa mbuzi imene adagula yekha, kapena funso lakuti chisanu chikumutani kumeneko, amadziwa kuti kwawo akumukumbukira ngati munthu. Uku n'kulumikiza chibale, ndipo kuli ndi malipiro kwa Allah ngati niya ili yabwino.

Haki yoyamba: kusunga maso

Pamsewu pamadutsa anthu. Pa foni pamadutsa zithunzi ndi makanema. Msilamu sapitiriza kuyang'ana zimene Allah adaletsa, ndipo sazitumiza kwa ena. Wotumiza kanema wolaula pa gulu wasenza tchimo lake ndi gawo la machimo a onse amene wawaonetsa.

Haki imeneyi ikukhudzanso macheza amene amachoka pa gulu n'kupita kumbali. Mwamuna ndi mkazi amene si mahram amayamba ndi nkhani ya mtengo wa utaka, kenako moni wa m'mawa uliwonse, kenako madandaulo a m'banja. Mabanja amasweka ndi zinthu zimene zidayamba motere. Muyeso wake ngwosavuta: ngati simungakonde kuti akunyumba kwanu awerenge zimene mwalemba, ndiye kuti mwadutsa kale malire.

Haki yachiwiri: kusavutitsa ena

Apa ndi pamene ambiri timaterereka, chifukwa miseche simabwera ndi dzina lake. Nkhani imayamba ndi mbuzi imene yalowa m'munda, n'kuthera pa mwini mbuziyo ndi mkazi wake. Imayamba ndi kutopa kwa kuntchito, n'kuthera pa khalidwe la mnzathu wogwira naye ntchito amene sali pa gulupo.

Mtumiki (SAW) adafotokoza kuti ghibah, yomwe ndi miseche, ndi kutchula m'bale wako ndi zimene sangakonde. Ngati zili zoona ndi miseche; ngati zili zabodza ndiye kuti wamunamizira. Choncho kunena kuti "komatu n'zoona" sikutipulumutsa. Surah Al-Hujurat, ndime 11 ndi 12, ikuletsa kunyozana, kuitanana maina oipa, kuganizirana zoipa, kufufuzana ndi kujedana, ndipo ikufanizira miseche ndi kudya mnofu wa m'bale wakufa. Surah Qaf, ndime 18, ikutikumbutsa kuti mawu aliwonse ali ndi mlonda wowalemba. Chala chikalemba, ndi lilime lomwelo layankhula.

Zolembedwa zimaposa zoyankhulidwa pa kuwononga. Mawu a pakhonde amamveka kwa anthu asanu n'kuiwalika. Gulu limodzi la WhatsApp limatha kukhala ndi anthu oposa 1,000, ndipo uthenga umakhalabe m'mafoni mwawo ngakhale mkwiyo wa wolembayo utatha. Wina amaujambula n'kukauonetsa kwa mwini nkhani. Wochita zimenezi pofuna kudanitsa anthu wagwa m'tchimo lina, la namimah, lomwe ndi ukazitape. Dziwaninso kuti ku Malawi kuli lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, ndipo munthu akhoza kuimbidwa mlandu chifukwa chozunza mnzake kudzera pa intaneti.

Izi sizikutanthauza kuti woponderezedwa akhale chete. Imam An-Nawawi adatchula malo asanu ndi amodzi amene kutchula zoipa za munthu kumaloledwa. Ena mwa malowo ndi kudandaula kwa amene angathe kuchotsa chitsenderezocho, kufunsa fatwa, ndi kuchenjeza Asilamu za munthu woopsa. Amene abwana ake sakumulipira akhoza kukanena ku ofesi ya zantchito kapena kwa Shehe. Kusiyana kwake kuli pa funso ili: kodi amene ndikuwauzawa angathandize, kapena angosangalala ndi nkhaniyi?

Haki yachitatu: kuyankha salaam

Kuyamba salaam ndi Sunnah, kuyankha ndi lamulo. Maulama adanena kuti salaam yobwera m'kalata nayonso iyankhidwe, ndipo ikaperekedwa kwa gulu, kuyankha kwa mmodzi kumakwanira onse. Choncho si bwino kuti salaam ya m'bale ikhale tsiku lonse popanda woiyankha, pamene chithunzi choseketsa chimene chabwera pambuyo pake chayankhidwa ndi anthu makumi awiri.

Mzimu wa haki imeneyi ndi kusamunyalanyaza munthu. Pa gulu pamakhala agogo amene sadziwa kulemba. Atumizireni uthenga wa mawu m'Chiyao kapena m'Chichewa. Pamakhala amene ankacheza tsiku lililonse koma tsopano wangoti zii. Mwina mayunitsi amuthera, mwina ntchito yatha, mwina akudwala kudziko la eni. Mnzake weniweni amamuimbira. Pewaninso kunong'onezana nkhani zimene ena pa gulupo sakuzimva mwadala, chifukwa Mtumiki (SAW) adaletsa anthu awiri kunong'onezana kusiya wachitatu, poti zimamudandaulitsa.

Haki yachinayi: kulamula zabwino ndi kuletsa zoipa

Macheza a tsiku ndi tsiku amatha kupulumutsa chuma ndi moyo. Wina akanena kuti nkhuku zake zikufa ndi chitopa, anzake amadziwa kuti ndi nthawi yofunsa alangizi a ziweto za katemera. Wina akanena kuti mwana walumidwa ndi galu, womudziwitsa kuti atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 n'kuthamangira kuchipatala chifukwa cha chiwewe wachita sadaka yaikulu. Wina akatumiza kanema wa ana akuzunza mphaka kuti anthu aseke, akumbutsidwe za mayi amene adalangidwa chifukwa chotsekera mphaka mpaka kufa ndi njala, ndi za bambo amene adakhululukidwa chifukwa chomwetsa galu waludzu.

Koma zabwino sizilamulidwa ndi uthenga wosatsimikizika. Surah Al-Hujurat, ndime 6, ikulamula kufufuza nkhani tisanaigwiritse ntchito, ndipo Mtumiki (SAW) adachenjeza kuti kufalitsa chilichonse chimene munthu wamva kwakwana kumuchititsa kukhala wabodza. Izi zikukhudza mauthenga a maliro a anthu amene ali moyo, mankhwala ochiza matenda onse, ndi Hadith zopeka zimene zimatha ndi kuopseza amene sazitumiza kwa anthu khumi.

Zikukhudza kwambiri malonda a ntchito za kunja. Mu 2024 wailesi ya BBC idaulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi amene adapita ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino, koma adakapezeka akuzunzidwa m'nyumba za eni, mapasipoti atalandidwa. Ena adakopeka kudzera pa intaneti. Chochititsa chidwi n'chakuti gulu la WhatsApp ndi limenenso lidathandiza kuti oposa 50 abwerere kwawo. Chida n'chimodzi, kusiyana kuli pa ochigwiritsa ntchito. Musatumize uthenga wa ntchito umene simukudziwa mwini wake, makamaka wofuna kuti munthu ayambe walipira.

Powongola wolakwa, yambani kumbali ndi mawu ofewa. Kumudzudzula pamaso pa gulu lonse kumamuchititsa kuuma mtima. Oyang'anira gulu ali ndi udindo woposa wa ena, chifukwa ali ndi mphamvu yofufuta uthenga woipa ndi kuchotsa wosamva malangizo.

Nthawi yonyamuka pabwalo

Maswahaba ankakhala pamsewu, koma adhana ikamveka ankanyamuka. Bwalo la pa foni silitsekedwa, ndiye wotseka ndi mwini foniyo. Swala ili ndi nthawi yake, ana ofuna kumvetseredwa phunziro la ku madrassah ali ndi nthawi yawo, ndipo amene takhala nawo pa mkeka umodzi ali ndi haki kuposa amene ali kutali. Mtumiki (SAW) adatiphunzitsa dua yonena ponyamuka pa macheza, yopempha chikhululuko pa zolakwa za pamenepo. Amene sakuidziwa afunse kwa Shehe wa pamzikiti wawo, aiphunzitsenso ana, ndipo aziinena poika foni pansi usiku.

Tikupempha Allah kuti ayeretse malilime athu ndi zala zathu, asunge mabanja athu a kuno ndi a kutali, ndipo achite kuti macheza athu adzakhale mboni yotiikira kumbuyo pa Tsiku la Chiweruzo. Aameen.